Kodi Kumvera Lamulo Kumachotsa Mlandu?

Mtsinje wa Ruo, umene umatsika m'phiri la Mulanje, sunali malire a dziko kale. Unasanduka malire chifukwa cha mkangano wa Angelezi ndi Apwitikizi, ndipo pakati pa mkanganowo panali João de Azevedo Coutinho, mkulu wa asilikali a pamadzi a Portugal, wobadwa m'chaka cha 1865.

M'chaka cha 1889, ali ndi zaka 24 zokha, iyeyu anakwera mtsinje wa Shire kukathandiza Serpa Pinto. M'mwezi wa November gulu lawo linamenyana ndi Amakololo a mfumu Mlauri, ndipo Amakololo ambiri anaphedwa, pakuti zida zawo sizinafanane ndi za adaniwo. Coutinho analanda Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire, napitirira kumtunda. Koma pa 11 January 1890 Angelezi anaopseza boma la Portugal, ndipo ku Lisbon kunachokera mawu akuti asilikali abwerere. Anabwereradi. Pangano la 1891 linaika malire pa Ruo, eni dziko osafunsidwa.

Tsono ena amati munthu wotere alibe mlandu, popeza anakwera atatumidwa, natsikanso atatumidwa. Mawuwa sali opanda nzeru konse, pakuti sitima imene wamalinyero aliyense atsata mutu wake imasweka pamwala, ndipo kumvera akulu ndi khalidwe lokoma. Komabe lamulo limamanga manja okha, silimanga chikumbumtima. Wamtengatenga wogwidwa m'mudzi mokakamiza, wosadziwa kumene apita, mlandu wake ndi wochepa. Mtsogoleri wophunzira, wodziwa eni mudzi umene auwombera, sangabisale kumbuyo kwa kalata yochokera kutsidya la nyanja.

Moyo wa Coutinho weniweniwo umaonetsa kuti kukana anakudziwa. Ufumu wa Portugal utagwa mu 1910, iye sanagwadire boma latsopano. Anakhalabe mbali ya mfumu yake, nalowa m'gulu la oukira boma mu 1919, ndipo anavutika nazo. Chifukwa cha mfumu anatha kukana, koma chifukwa cha Amakololo sanatero, ngakhale chifukwa cha anthu a ku Barue, amene anawathira nkhondo mu 1902 ali mtsogoleri iye mwini. Mu 1905 anakhala bwanamkubwa wa Mozambique yense, wolamula ena. M'zaka zomwezo Alomwe ankawoloka Ruo kudza ku Mulanje, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza.

Anamwalira mu 1944. Tauni ya Ulongwe, kwa Angoni a ku Tete, inatchedwa Vila Coutinho kufikira Mozambique atalandira ufulu mu 1975.