Mbaula ya Agogo ndi Lamulo la Makala

Palibe munthu wanzeru amene angatsutse zoti mitengo ikutha. Phiri la Ndirande lidameteka kalekale, ndipo nkhalango ya Dzalanyama ikuthera m'matumba a makala opita ku Lilongwe. Nchifukwa chake m'chaka cha 2020 boma lidakhwimitsa lamulo la nkhalango la 1997, kuti ootcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo azilangidwa kolimba. Anthu a m'mizinda akulimbikitsidwa kuphikira gasi ndi magetsi. Zonsezi nzoyenera, pakuti utsi nawonso umawononga maso ndi chifuwa.

Koma kodi nchilungamo kupulumutsa mtengo nkuiŵala mtima wa nkhalamba?

Taganizani za agogo a ku Bangwe amene aphikira pambaula zaka 50. Kwa iwo mbaula si chophikira chabe. Mpamene amaothera moto m'mwezi wa Juni nyamakazi ikavuta. Mpamene adzukulu amawazungulira, mbatata ili paphulusa, iwo nkumasimba zakale. Akamva kuti makala awo ngoletsedwa, amadziona ngati mbala m'nyumba yawo yomwe. Gasi amamuopa poti adamva kuti amaphulika, komanso sagulidwa ndi ndalama zapamanja monga kajumbo ka makala. Magetsi nawo ali ndi mbiri yawo: namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kuzimazima kudasautsa mizinda kopitirira chaka.

Choŵaŵa kwambiri chimachitikira m'nyumba. Ana akagula chitofu chatsopano amawaletsa agogo kuchikhudza, poopa ngozi. Motero mayi amene adalera mbumba yonse ndi mthiko wawo amadikira mdzukulu aŵeruke kusukulu kuti awaŵiritsire madzi a tiyi. Njala siwapha ayi. Chimene chimawadya ndi kudziona kuti alibenso ntchito pakhomo. Tulo timasoŵa, mawu amachepa, nkhaŵa imakula, abale nkumangoti ndi ukalamba.

Ena anganene kuti walira mvula walira matope. Nzoona, koma matopewo akuponda ndani? Wachinyamata amazoloŵera gasi tsiku limodzi, ndipo nkhalango ikadzabwerera adzaiona ndi maso. Agogo akulipirira lero mthunzi umene sadzaukhala. Lamulo lili ndi apolisi, mabwalo a milandu ndi zilango; chimene lilibe ndi munthu woti akhale pansi ndi agogowo, awasonyeze pang'onopang'ono kayatsidwe ka gasi kufikira dzanja lawo litaleka kunjenjemera.