Bokosi la Yehoyada ndi Malata Athu

Adzukulu anga, popeza ena mwa inu ayamba kukusankhani m'makomiti a mpingo, khalani pansi ndikuuzeni za manyazi anga.

Chaka china fodya atayenda bwino kuno kwa Chisemphere, tinasonkha ndalama zogulira malata a tchalitchi chathu. Ine ndinali mmodzi mwa atatu oyenera kuziwerenga. Mtsogoleri wathu anati thumba azisunga yekha, zolembazo tidzachita pambuyo pake. Mvula inabwera denga likadali laudzu, likudonthera amayi pamphasa. Ndinadziwa kumene ndalama zalowera, koma ndinangoti duu. Mumtima ndinkati mbuzi imadya pomwe aimangirira, nanga ine ndine yani kuti ndifunse munthu wa Mulungu? Ena mwa amene anasonkha anali matenanti, anthu olandira kamodzi pachaka, bwana akagulitsa mabelo. Ndikawakumbukira, nsima imandiima pakhosi.

Inuyo mukatumiza fodya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo mumayang'anitsitsa sikelo. Pepala la malonda likabwera mumaliwerenga mzere ndi mzere: mtengo pa kilo, zimene adula za thiransipoti, za ziguduli, ngongole ya feteleza. Palibe amati mwachita mwano. Koma Lamulungu, ndalama yomweyo ikagwera m'mbale, mumauzidwa kuti wodzozedwa safunsidwa, inu n'kuvomera.

Aneneri a m'Baibulo sankavomera. Ezekieli, pa mutu 34, akudzudzula abusa odya mafuta ndi kuvala ubweya pomwe nkhosa zili ndi njala, ndipo Mulungu akuti adzawafunsa za nkhosazo. Mika, pa mutu 3, akutchula ansembe ophunzitsa kuti alipidwe ndi aneneri olosera ndalama, eni ake akudzitonthoza kuti Mulungu ali pakati pawo. Koma amene amandisowetsa tulo ndi wansembe Eli. Ana ake, Hofeni ndi Pinehasi, ankatumiza wantchito kukapisa foloko ya mano atatu mumphika wa nsembe. Eli anawadzudzula ndi pakamwa, osawachotsa, chilango n'kugwera nyumba yonse. Ine pa malata paja ndinali Eli, mwinanso kuchepera, poti ngakhale pakamwapo sindinatsegule.

Ndimakumvani madzulo mukukangana za Shepherd Bushiri, amene anachoka ku South Africa mu November 2020 ali pa belo, akuimbidwa milandu yachinyengo pa ndalama imene iye amaikana. Ena mumati ndi mneneri, ena mumati ayi, mpaka mabatire a foni kutha. Milandu ya ameneyo asiyireni makhoti. Buku la chopereka cha pampingo panu pano munaliona liti?

Tsegulani 2 Mafumu 12. Mfumu Yoasi inauza ansembe kuti azilandira ndalama n'kukonzera ming'alu ya Kachisi. Chinafika chaka cha 23 cha ufumu wake ming'alu ili pomwepo, ngati denga lathu lija. Apo wansembe Yehoyada anatenga bokosi, n'kuboola chivundikiro, n'kuliika pambali pa guwa. Likadzaza ankawerenga awiri, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe, kenako ndalama n'kupita kwa oyang'anira amisiri. Kachisi anakonzedwa. Paulo nayenso, potumiza Tito kukasonkhanitsa thandizo ku Korinto, anamuphatikiza ndi m'bale wosankhidwa ndi mipingo, kuti pasakhale womunena. Ngati mtumwi anafuna mboni, abusa athu sangachepe nazo. Ndipo abusa abwino, amene ndawaona ambiri akuyenda panjinga m'matope kukaika maliro, amapepukidwa pamene wina wasunga thumba.

Musakayambe ndi kukuwa pagulu, kapena kulemba dzina la munthu pa Facebook. Pitani awiri, mugwade monga mwa mwambo wathu, munene kuti, "Abusa, timati tione nawo buku." Akakana, pitani kwa akulu ampingo, nawonso akazemba, mpingo uli ndi mabwalo apamwamba. Mukasankhidwa kukhala asungichuma, musawerenge nokha, ndipo musagone ndi ndalama za mpingo m'nyumba mwanu, chifukwa mwana akadwala usiku dzanja limalowa lokha m'thumba, mwini wake akuti ndibweza.

Masika ayandikira. Matumba a chimanga ndi mtedza akamafika patchalitchi, mmodzi wa inu akhale pakhomo ndi kope. Ine ndidzakhala pambali pake, maso angawa akuonabe manambala.