Ndalama Zikamatha Mphamvu, Tiwauze Chiyani Achinyamata?

Mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Tiganizire mtsikana amene ankasunga ndalama za ganyu pa Mpamba kuti agule yunifolomu, kenako n'kupeza kuti sizikukwananso. Akatifunsa kuti, "Nanga kusunga kuli ndi phindu lanji?" timuyankha bwanji?

Tisamunamize kuti sadaluze. Adaluzadi. Koma pali chimene kugwa kwa kwacha sikudamulande: miyezi yonseyo ankaphunzira kudzimana bandulo ya lero chifukwa cha chosowa cha mawa. Kudziletsa kumafanana ndi thupi, kumalimba tikamakugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Lamulo la Huqúqu'lláh limatizoloweretsa zomwezo. Tisanapereke 19 pa 100 ya chuma chotsala, timayamba tadzifunsa moona mtima kuti chofunikadi n'chiti, ndipo chongokhumbira n'chiti.

Choncho tiwathandize achinyamata kulemba zolowa ndi zotuluka, kugula nkhuku m'malo mongounjika ndalama, komanso kupatula kagawo kothandizira mnzawo wovutika. Komabe iwo amaonera ife. Tikagawana za banki m'khonde, timayambira kugula chiyani?