Kodi Nkoyenera Kuzula Kapinga Cifukwa ca Maluwa?

Munthu akamanga nyumba yace, namaliza kufolera, mtima wace umayamba kukhumba zokometsera pakhomo. Amayang'ana pabwalo, naona kuti nthaka yonse yaphimbika ndi zomera zimene iye sanabzale. Pamenepo amatenga khasu. Koma liripo funso limene khasu silingathe kuyankha: kodi cinthu comera cokha ciri ndi mlandu wanji kuti cicotsedwe, ndipo duwa losadyedwa liri ndi ulemu wanji kuti lilowe m'malo mwace?

Anthu ambiri amangoti zonsezo ndi udzu. Limeneli ndi dzina la ulesi, pakuti liweruza mlandu mboni zisanalankhule. Pabwalo limodzi pangathe kumera cisoso, khovani, dawe ndi kapinga, ndipo makhalidwe ao ali osiyana. Cisoso ndi ndiwo. Mai wanzeru amayamba wathyola nsonga zace mwamuna asanalime. Khovani, uja wa timaluwa ta maonekedwe a thambo, akadulidwa ndi kusiyidwa pa nthaka yonyowa, kacidutswa kali konse kamaturutsa mizu pa mfundo pace; womtema osamuyanika padzuwa wangombzalanso. Dawe amabisa timbatata tace pansi, ndipo kuzula masamba ace ndiko kummeta cabe.

Mlandu wobvuta ndi wa kapinga. Iyeyu amayanga pamwamba, nayanganso pansi pa nthaka, ndipo m'munda wa cimanga ali mdani woopsa. Koma pabwalo lotsetsereka ndiye amene agwira dothi. Mvula yamphamvu ikagwa, madzi ocokera padenga amatera pa iye, nayenda pang'onopang'ono osakokolola kanthu. M'nyengo ya dzuwa aletsa pfumbi. Ana amakhalapo, mbuzi zimadyapo. Nchito zonsezi azicita osalipidwa, ndipo cifukwa cace palibe amene aziona. Munthu wompala yense tsiku limodzi adzaziona mocedwa, pamene madzi akumba ngalande kulinga ku maziko a nyumba.

Tsono alipo ena amene amati, "Mlekeni kapingayo, maluwa sadyedwa." Amenewa alasa pambali. Munthu si mbuzi kuti ayese zinthu zonse ndi mimba. Wobwera kumunda ali wotopa, akaona zofiira ndi zoyera pakhomo pace, mtima umatsika, ngakhale sanadye kanthu. Kufuna kukongola si ucimo. Colakwa ndi kuganiza kuti cinthu cokongola ciri ndi ufulu wopitikitsa cinthu cothandiza popanda kufunsa cimene cidzagwira nchito yace cikacoka.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu wodekha amayamba wafunsa okalamba maina a zomera za pabwalo pace. Atatero amalemba malire a kamunda kakang'ono pamalo osatsetsereka, nakumba mozama m'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa liri lakupsa. Mizu yonse aitola ndi manja, umodzi umodzi, naiyanika kufikira itauma. Sabzala msanga ai; alindira mvula yoyamba kuti ziwiri zitatu zotsala pansi zidziulule zokha. Pomwepo azinga kamundako ndi njerwa, nabzala maluwa ace, ndipo bwalo lotsalalo alisiyira mwini wace wakale.

Kapinga sadziwa malire. Caka ndi caka adzakwawa pa njerwa zija kufuna malo ace, ndipo mwini nyumba adzagwada pansi kumbweza.