Mwendo Uliwonse Unkawerengedwa

Ambirife timangokumbukira zidutswa za nyimbo ija yowerengera miyendo, imene tinkaimba titakhala pamzere pabwalo, mwezi ukuwala. Tanthauzo la mawu ake ena linapita ndi agogo. Kodi tingataye chiyani tikaiiwala yonse?

Tiganize bwino. Chala cha wowerenga sichinkadumpha mwendo wa munthu. Mwana wa mfumu ndi mwana wamasiye ankakhudzidwa mofanana, ndipo mwendo umene nyimbo yatherapo unkapindidwa popanda mkangano. Pamenepo tinaphunzira chilungamo tisanadziwe dzina lake. Nayenso mbusa wa pa Luka 15 anazindikira kuti nkhosa imodzi yasowa chifukwa ankaziwerenga. Tiyeni tifunse okalamba mawu otsalawo akadali moyo, tiphunzitse ana athu, pakuti anthu akaleka kuwerengana, wosowa sadziwika.