Malata kapena ufa?

Mwana wa achemwali anga ali ku Italy kumene akuphunzira unamwino. Sabata ya Khrisimasi anandidzazira foni ndi zithunzi. Iye ndi anzake ankayendera matchalitchi akale a mumzinda wa Milan atavala zijasi zofika m'mawondo, mpweya wa m'kamwa ukuoneka ngati utsi chifukwa cha kuzizira. Tchalitchi chachikulu cha mumzindawo anayamba kuchimanga mu 1386, ndipo ntchitoyo inadya mibadwo yambirimbiri isanathe. Pansi pa chithunzi china analemba kuti, "Amalume, n'zokongola zedi, koma talowa ndi tikiti, ndipo ojambula achuluka kuposa ogwada." Ndinapukusa mutu n'kuuza mayi a kunyumba kuti azungu aja anatibweretsera chikhulupiriro koma kwawo chinazizira limodzi ndi nyengo. Sipanathe masiku anayi, ine ndemwe ndinachita zomwe ndinkadzudzulazo.

Kuno Khrisimasi sizizira. Timapemphera Misa ya usiku thukuta lili kamukamu, ngumbi zikuzungulira magetsi, ana ali ndi madontho a mango pa zovala zatsopano. Chisanu chokha chomwe timachidziwa ndi thonje lomwe achinyamata amayala pa khola la Mwana Yesu, thonje lolimidwa kuno ku Balaka komwe, dzuwa likuswa mtengo. Koma nafenso tili ndi matchalitchi athu akale. Choncho pakati pa Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano ndinatenga ana anga awiri kuti akaone kumene chikhulupiriro chathu chinayambira m'dera lino.

Tinayamba ndi Utale. Abambo a chipani cha Montfort anafika ku Nzama, m'boma la Ntcheu, mu 1901, ndipo mu 1908 anatsegula mishoni ya Utale, kufupi ndi mtsinje wa Rivirivi. Dayosizi yathu ya Mangochi ndi yaing'ono pamsinkhu poyerekeza ndi mishoni imeneyi, pakuti inakhazikitsidwa mu 1973, Ambuye Alessandro Assolari ali episkopi woyamba. Ku Utale komweko n'kumene odwala khate, omwe abale awo ankaopa kudya nawo m'mbale imodzi, anapeza malo okhala ndi owasamalira kwa zaka zambiri. Ndinawafotokozeranso ana za ansembe a White Fathers amene anafika kwa Mponda, ku Mangochi, pa 28 Disembala 1889, patangopita masiku atatu chichitikire Khrisimasi, n'kuchokako mu 1891 atazunzika ndi malungo, osasiya chipilala choti mlendo angakajambule lero. Ana anamvetsera pang'ono, kenaka anayamba kufunsa za chakudya. Ine ndinali wokhutira. Ndinkadzimva ngati mphunzitsi wa mbiri yakale.

Tsiku lotsatira tinawoloka Shire pa Liwonde n'kulowa m'boma la Machinga, kukacheza kwa achibale. Masana mvula itakata, ndinapita ndi ana ku tchalitchi chaching'ono cha m'mudzimo, chomwe wansembe amafikako mwa apo ndi apo. N'chakale ndithu, cha njerwa zootcha, mazenera ake opanda magalasi, mabenchi ake adothi opaka simenti pamwamba. Ndinalowa foni ili m'manja. Ndinajambula mtanda, ndinajambula khola lomwe analimanga ndi udzu ndi makatoni, ndinajambulanso mabeseni atatu omwe anali pansi kulandira madzi odontha kudenga, chifukwa ndinaona kuti chithunzi chake chikagwira mtima ku Milan. Apo m'pamene ndinamva mawu kuchokera pakona.

"Takulandirani, bambo. Mwabwera kudzapemphera kapena kudzaona?"

Anali agogo ena, chikolopa chili m'manja, akupukuta matope. Sanafunse monyoza. Ankangofuna kudziwa ngati asiye kaye kukolopa kuti asandisokoneze. Koma ine ndinazindikira kuti ndinali ndisanachite ngakhale chizindikiro cha mtanda, ndipo ana anga, omwe kunyumba ndimawakalipira akaiwala kugwada, ankandiyang'ana.

Tinacheza. Anandiuza kuti amakolopa m'menemo mvula ikagwa, kuti bambo awo anaumba nawo njerwa za tchalitchicho, ndi kuti miphakati ikusonkha ndalama zogulira malata atsopano. Pofunsa za kunyumba, anandiyankha monga amayankhira anthu a kumudzi mu Disembala: nkhokwe inatha kalekale, akudya kamodzi, adzukulu akudalira mango. Ndinapisa m'thumba n'kuwapatsa K5,000, ndi kunena momveka bwino kuti, "Agogo, iyi mukagule ufa." Anawomba m'manja, anathokoza, kenaka ndikuona anapatula K1,000 n'kuimanga pa mfundo ina ya chitenje. "Iyi ndi ya malata," anatero.

Zinandiwawa, ndipo sindibisa. Ndinabwerera ku Balaka ndili ndi funso lomwe lakhala likundisowetsa tulo: kodi n'chilungamo kuti munthu wogona ndi njala apereke ndalama yofolerera nyumba ya Mulungu? Ndipo Mpingo ukailandira ndalamayo, sukulakwa?

Amene angayankhe kuti ukulakwa ali ndi oyera ambiri kumbali yawo. Lawrence Woyera, dikoni wa ku Rome, atalamulidwa mu 258 kuti apereke chuma cha Mpingo kwa akuluakulu a boma, anasonkhanitsa amphawi, olumala ndi amasiye n'kuwaonetsa kuti chumacho ndi chimenechi, ndipo anaphedwa. Ambrose Woyera, episkopi wa ku Milan komwe kuja, anaphwanya ziwiya zagolide za pa guwa kuti awombole anthu ogwidwa pa nkhondo, ndipo ena anamudzudzula. John Chrysostom Woyera ankakalipira akhristu olemera omwe ankaveka guwa nsalu zamtengo wapatali pamene Khristu yemweyo ali panja, wausiwa, akunjenjemera. Anthu amenewa sanali odana ndi mapemphero. Ankadziwa kuti Mwana amene timamuika m'khola chaka ndi chaka sanabadwire m'Kachisi, ndipo Francis Woyera wa ku Assisi atakonza khola loyamba ku Greccio mu 1223, cholinga chake chinali choti anthu aone ndi maso awo umphawi umenewo. Ndikaika zonsezi pamodzi, ndimafuna kubwerera kumudzi kuja kukamasula mfundo ya chitenje ija ndi manja anga.

Koma pali munthu mmodzi m'Mthenga Wabwino amene analankhula ndendende monga ndinkaganizira ine m'minibasi, ndipo dzina lake ndi Yudasi. Maria wa ku Betaniya atadzoza mapazi a Ambuye ndi mafuta okwera mtengo, Yudasi ndi amene anawerengetsa msanga kuti ndalama yake ikanathandiza amphawi angati. Masamu ake anali olondola. Mtima wake ndiwo unali pena, ndipo Yohane Woyera sakubisa kuti thumba la ndalama linkasungidwa ndi iyeyo. Ndinadzifunsa tsono za thumba langa. Pa Khrisimasi imeneyi ndinagula nkhuku ziwiri, mpunga, zakumwa, nsapato za ana, ndi mayunitsi otumizira zithunzi ku Italy. Palibe tsiku lomwe ndinaima m'sitolo n'kuwerengetsa kuti zimenezi zikanagula ufa wa agogo angati. Masamu a amphawi ndinawakumbukira pokhapokha nkhani itakhudza denga la tchalitchi. Ife a m'tauni tili ndi chizolowezi chimenechi: timapemphera pansi pa denga losadontha, pa mabenchi amatabwa, mafani akuzungulira, kenaka timalangiza a kumudzi kuti Mulungu safuna nyumba.

Ndinaiwalanso chinthu china. Tchalitchi chija kwa ine chinali chithunzi, koma kwa agogo aja ndi nyumba yawo. M'menemo anabatizidwa, m'menemo anamanga ukwati, m'menemo mudzalowa bokosi lawo. M'mudzi monse ndi nyumba yokhayo yaikulu imene munthu wopanda nsapato amalowa osafunsidwa tikiti, n'kukhala kutsogolo ngati wafika msanga. Ndipo tonse tikukumbukira namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, pamene m'madera ambiri a kum'mwera kuno anthu omwe nyumba zawo zinagwa anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Usiku ngati umenewo, denga labwino silikhalanso nkhani ya kukongoletsa. Kuwauza agogo aja kuti ndalama yonse ipite ku mimba kunali kuwauza kuti iwo ndi mimba chabe, kuti kupereka ndi mwayi wa anthu olandira malipiro pakutha pa mwezi. Ndinawapatsa mphatso, koma ndinkafuna kupitiriza kuilamulira ili kale m'manja mwawo.

Komabe sindikufuna kuti nkhaniyi itithere mophweka chonchi, chifukwa ikatero tikhala tapeza chifukwa chabwino chofinyira amphawi. Tiwerengenso nkhani ya mayi wamasiye amene anaponya timakobiri tiwiri m'bokosi la zopereka, m'mutu 12 wa Marko Woyera. Timakonda kuilalikira pa nthawi ya mtulo ndi ya masika. Koma taonani zomwe zaizungulira. Mavesi a m'mbuyo mwake, Ambuye akudzudzula aphunzitsi a Malamulo chifukwa cholanda chuma cha akazi amasiye. Mavesi otsatira, ophunzira akuchita chidwi ndi kukula kwa miyala ya Kachisi, monga ndinkachitira ine ndi foni yanga, ndipo Ambuye akuwauza kuti zonsezo zidzagwetsedwa. Ambuye anayamikira mtima wa mayiyo. Sindikuona pamene anayamikira dongosolo lomwe linamusiya ndi timakobiri tiwiri tokha.

Apa ndiye pamene pali kusiyana komwe ndikuganiza kuti tiyenera kukugwiritsitsa. Agogo aja anapatula ndalama ija palibe wowaona kupatula ine, mlendo amene ndinkawaletsa. Imeneyo ndi mphatso, ndipo palibe amene ali ndi ufulu wowalanda. Koma tikudziwa kuti si ndalama zonse za chitukuko zimene zimabwera motero. Pali kuwerenga maina a omwe sanapereke pamaso pa mpingo wonse. Pali mipikisano ya miphakati imene imachititsa mayi kugulitsa nkhuku yake yomaliza kuti asachititse manyazi anzake. Pali mabanja amene pa tsiku la maliro amayamba afunsidwa za khadi la mtulo asanapepesedwe. Ndalama yotoledwa motero ikhoza kugula malata olimba, koma ndikukayika ngati Lawrence Woyera akanailandira. Ndipo nthawi yake nayonso ndi nkhani: kusonkhetsa mu Disembala ndi Januwale, anthu akupalira ndi m'mimba muli gwaa, sikufanana ndi kusonkhetsa mu Meyi atakolola.

Funso lomwe ndinayamba nalo linali lolunjika kwa agogo ndi kwa Mpingo. Pano ndikuona kuti linkayenera kulunjika kwa ine. Chifukwa chiyani denga la tchalitchi cha m'dayosizi yanga likudikira K1,000 ya munthu wodya kamodzi? Kale malata ankachokera kwa abale a amishonale, ku France, ku Holland, ku Italy, anthu omwe ankasonkha m'nyengo yozizira ija kuti ife tipemphere pouma. Masiku amenewo akutha, ndipo n'koyenera kuti athe, pakuti mwana sayamwa mpaka kumera ndevu. Koma tikamati Mpingo wodzidalira, nthawi zambiri timatanthauza kuti parishi iliyonse idzionere yokha, ya m'tauni ndi anthu ake a malipiro, ya kumudzi ndi anthu ake a makasu. Ambirife tinabatizidwa m'matchalitchi ang'onoang'ono ngati chimenechi. Tinaphunzira kuwerenga pa sukulu za mishoni, tinapeza ntchito, tinasamukira m'tauni, ndipo timabwererako pa Khrisimasi kapena pa maliro, kukadandaula kuti malo aja anatha. Agogo aja akukolopa m'nyumba yomwe inatilera ife.

Ndinamulembera mwana wa achemwali uja kumupepesa pa zomwe ndinanena za azungu, ngakhale kuti iye sanazimve. Chithunzi cha mabeseni sindinamutumizire. Ndachionetsa kwa a mphakati wathu Lachinayi lapitali, ndipo tinakangana mpaka mdima. Amayi ena anati titumize ufa, chifukwa munthu sangadye malata ndipo Febuluwale ndiye mwezi woopsa. Abambo ena, omwe ndi mmisiri, anati mvula ikapitirira kulowa, mitengo ya denga iola ndipo chaka chamawa vuto lidzakhala la tchalitchi chonse. Wina anafunsa ngati ufawo ukafikenso kwa anansi a agogo aja amene ndi Asilamu, popeza njala ya m'mudzimo ndi imodzi, ndipo pamenepo tonse tinavomera msanga kuposa pa zina zonse. Zomwe tasonkha sizikwanira zonse ziwiri. Tagwirizana kuti Loweruka likubwerali anthu atatu apite kumudziko, akapemphere nawo kaye, kenaka akawafunse eni ake chomwe akufuna kuti chiyambe. Amene angafune kuwonjezerapo aonane ndi a komiti ikatha Misa yachiwiri.