Mphaka wa Miyendo Itatu

Banja lina la mu mphakati wathu ku Machinjiri lidatifunsa funso limene poyamba tidaliseka. Mwana wao adatola kamphaka m'ngalande, mwendo umodzi utaduka ndi msampha. Kodi akasunge?

Abambo a pakhomopo adanena zoona: kwathu kuno mphaka timamsunga kuti azigwira makoswe, ndipo wopunduka angavutike. Adzangodya usipa umene ukuperewera kale m'mbale ya ana, kenaka n'kufunanso katemera wa chiwewe. Agogo adanong'onako za ufiti, koma zimenezo tisataye nazo nthawi; mphaka ndi mphaka basi.

Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene adatuluka mu 1992, amamva mbali zonse ziwiri. Ndime 2416 imatikumbutsa kuti nyama n'zolengedwa za Mulungu, zoyenera kuzichitira chifundo. Ndime 2418 imaletsa kuzizunza, komanso imadzudzula kuonongera nyama ndalama zimene zikadathandiza anthu ovutika. Choncho banja lokana silichimwa, malinga lisakaponye m'chimbudzi.

Chotivuta ife ndi mau akuti “kalibe ntchito”. Adanenedwa pamaso pa mwana, pakhonde pamene agogo aja, amene adasiya khasu kalekale, adali kumvetsera. Kodi mwanayo adatolapo chiyani za olumala ndi okalamba?

Tidapempha abambowo kuti akafuna kukana, akane chifukwa cha usipa, osati chifukwa cha mwendo. Adati aganizapo. Pofika Lamulungu lapitali kamphakako kadali m'katoni kuseri kwa khitchini, ndipo mwana uja akusiya mitu ya usipa pambali pa mbale yake.